Mkanda wa Miyala Isanu ndi Iwiri

Sinema ndaionerapo kamodzi kokha chibadwire, ndipo kamodziko sinafike n'kumapeto komwe. Inabwera ku Malowera pa kamiyawu, lole ya boma, patangopita zaka zochepa Apwitikizi atachoka. Eni kamiyawuyo sankafuna kugona panjira, choncho anati ationetsa masana. Anatilowetsa m'nyumba yakale yosungiramo thonje, n'kutseka mazenera ndi masaka, n'kupachika nsalu yoyera kukhoma. Munkatentha ngati muuvuni wa njerwa, koma palibe amene anatuluka. Ine ndinakhala pafupi ndi khomo chifukwa cha mwendo wanga wamanzere umene unapuwala ndili mwana. Mkazi wanga anakhala mbali ya azimayi, mwana wathu wamkazi ali kubere.

Zimene tinaona pansalupo sizinali za dziko lino. Nthaka yake inali yoyera ngati ufa, anthu ake ovala zikopa mpaka m'makutu. Panali njoka yamapiko yolavula moto, panali mwamuna wa lupanga lowala, ndiponso mfumukazi yokhala m'nyumba ya pamwamba pa phiri. Chilankhulo chake sichinali Chipwitikizi. Aphunzitsi ena anaimirira pambali pa nsalu kuti azitimasulira, koma posakhalitsa anakhala pansi n'kuyamba kuyasama kukamwa ngati tonsefe. Anzanga ankayang'ana njoka. Ine, poti ndine wokhoma zidebe, maso anga anali pa zitsulo: chisoti cha mfumukazi, chigwiriro cha lupanga, makamaka mkanda umene unali m'khosi mwa mayiyo, wachikasu, wa miyala yobiriwira, wapakati wokulirapo. Mwamuna uja atangosolola lupanga kuti akumane ndi njoka, motori yoyendetsa sinemayo inatsokomola kawiri n'kuzima. Anaikoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, koma inakaniratu. Mpaka lero sindidziwa ngati njoka ija inafa.

Pobwerera kumudzi ndinauza mkazi wanga kuti mkanda uja ndingathe kuupanga, ndi miyala yake yonse isanu ndi inayi.

“Inali isanu ndi iwiri,” anatero osanditembenukira n'komwe.

“Inu munkayamwitsa mwana. Ine ndinawerenga kawiri.”

“Bambo a mwana, maso anu amadziwa zidebe basi. Za m'khosi tisiyireni ife.”

Mkangano umenewu tinakhala nawo zaka. Ndivomere kuti ndine munthu wamakani. Apongozi anga ankati ndingatsutsane ndi tambala kuti kunja sikunache. Komanso ndine munthu wosakonda kulankhula, ndipo pachikamwini ndinkatha tsiku lonse ndikukhoma malata osatsegula pakamwa. Ndikakhala duu choncho, mkazi wanga ankadutsa ndi mtsuko pamutu n'kungoti, “Isanu ndi iwiri.” Pomwepo ndinkaponya nyundo pansi n'kuyamba kulongosola mmene miyala ija inandandalikira, inayi uku, inayi uku, waukulu pakati, iye akuseka mpaka madzi kumutayikira pamsana. Ndinamulonjeza kuti tsiku lina ndidzaupanga, ndipo udzakhala wa isanu ndi inayi, akafuna avale, akapanda kufuna asiye.

Nkhondo inatipeza mkanda ndisanauyambe. Ndinali nditakwera kamiyawu kupita ku Fingoe kukagulitsa ndowa ndi kukafuna malata, ulendo wa masiku atatu. Ndili komweko kunamveka kuti asilikali a m'tchire atentha midzi ya kwathu, ndipo otsala athawira ku Zambia. Msewu anaukwirira mabomba, kamiyawu sinabwererenso. Amiyendo iwiri ankazemba n'kudutsa m'tchire, koma ine ndi mwendo wokokawu ndikanangokhala ndiwo za afisi. Komanso asilikali a boma anaona kuti ndimatha kumata miphika yawo, ndiye chikalata cha ulendo, chija tinkati giya, sakanandipatsa. Masiku atatu aja anasanduka zaka zambiri. Ndinalibe mbale ngakhale mmodzi ku Fingoe, ndipo sindinkadziwa ngati mkazi wanga ndi mwana ali moyo.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa loja, sitolo yotsekedwa. Pakati pa sabata zinkapepukako, poti kunali miphika yobooka ndi nyale zofuna kukonza. Tsiku loipa linali Lamulungu. Tikatuluka m'mapemphero aliyense ankapita ndi ake, wina mwana paphewa, wina akukalipira mkazi, ine n'kumakoka mwendo kubwerera kukachipinda kopanda wondifunsa kuti mwaswera bwanji. Ndinkasirira ngakhale amene ankakangana. Kusungulumwa kumene kuja sindikufunira munthu, ngakhale amene anatentha mudzi wathu.

Lamulungu lina masana, posowa chochita, ndinatenga lata yamafuta n'kuyamba kudula chisoti cha mfumukazi ija. Ndinkatsinzina kuti ndichione bwino. Chinali ndi nsonga zonga masamba a chinangwa, yapakati yaitali. Choyamba chinatuluka ngati chovundikirira nkhuku, chachiwiri chimodzimodzi, koma chachitatu chinafanana. Ndinachiveka mtondo wakale umene unali pakona, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinapeza wolankhula naye. Kenako ndinasula lupanga ndi chitsulo cha kamiyawu yopsa, chigwiriro n'kuchikulunga ndi waya. Mkulu wa asilikali ataliona analitenga, ndipo ndinadzalipeza akusengera nalo nzimbe. Anthu anayamba kunena kuti wokhoma zidebe uja mutu wazungulira, akupangira mtondo zovala. Sindinawatsutse. Amati wamisala anaona nkhondo, koma ine nkhondo ndi imene inandiona, n'kundisiya ndili choncho.

Mkanda ndinkauopa. Ndinkaona ngati ndikaupanga wovala wake kulibe, ndiye kuti ndalosera zoipa. Zaka zimenezo tinkaika malaya m'manda. Munthu akafera kutali, mtembo wake osapezeka, amene anamuona komaliza ankabweretsa malaya ake kwa abale, ndipo abale ankalira, kukumba dzenje, kuika malayawo, n'kudzameta patsiku lake. Maliro otere ndinaimbapo nyimbo kangapo ku Fingoe, ndipo nthawi zonse ndinkayang'ana njira yochokera kumpoto, kuopa kuti wina atulukira ndi kapulana, chitenje cha mkazi wanga, m'manja.

Amene anatulukira anali mayi wina wamalonda. Mayiyu ankatenga golide kwa anthu okumba m'mitsinje, n'kuyenda wapansi m'tchire mpaka ku Zambia, n'kubwerako ndi mchere ndi sopo. Anabwera kudzamatitsa sefuliya, ndipo atamva kumene ndimachokera anandiyang'ana mwendo n'kuomba m'manja.

“Kodi ndinu? Akazi anu ali moyo! Ndinawaona kumsasa wa othawa nkhondo, pamodzi ndi atsibweni awo. Mwana wakula, akutunga madzi.”

Ndinakhala pansi, sefuliya ili m'manja, n'kulira ngati mwana pamaso pa mayi wachilendo. Anati adzapitanso anthu akakolola, ndipo ngati ndili ndi kanthu kotumiza ndikonzeretu. Madzulo omwewo ndinapita kwa asilikali kukapempha makoko a zipolopolo.

Makoko amenewo ndi mkuwa wabwino, woipa ndi ntchito yake chabe. Ndinkawadula kumutu, kuwang'amba m'litali, kuwaotcha pamakala mpaka afiire, n'kuwaviika m'madzi kuti afewe. Ndikatero ndinkawasula pa chitsulo mpaka akhale ngati tsamba, n'kudula timbale tokhalamo miyala, tokhala ndi timano topinda. Maluwa a m'mbali ndinkawadinda ndi msomali wofupikitsa. Unyolo ndinaupanga ndi waya wa telefoni, poti mitengo yake inali itagwa kalekale ndipo panalibe woimbira mnzake. Kamphete kalikonse ka unyolowo ndinkakapinda pa msomali umodzi womwewo kuti timphete tonse tifanane. Kuwalitsa kwake kunali kosavuta: madzi a bwemba ndi phulusa, mkuwa n'kuwala mpaka okumba golide kuima n'kufunsa.

Miyala ndiyo inandidya nthawi. Kuseri kwa loja kunali garafawu losweka, botolo lalikulu lija Apwitikizi ankasungiramo vinyo, lobiriwira, lokhuthala kunsi. Ndinkabenthula kachidutswa, kukamata ndi phula kunsonga ya kamtengo, n'kumakapera pamwala ndi mchenga wa kumtsinje ndi madzi. Mbali imodzi ikasalala ndinkasungunula phula n'kutembenuza. Pomaliza ndinkakapukuta pa chikopa ndi phulusa losefa. Miyala ina inkasweka ndili pafupi kumaliza, ndipo mawu amene ndinkanena pamenepo sindingawalembe pano. Zala zinachekekachekeka, magazi n'kumawapukutira kumalaya. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatulukira kuti ukaika kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kunsi kwa galasi, mwala umayaka ngati uli ndi moto m'kati. Tsiku limene ndinaona zimenezo ndinauza mtondo kuti, “Mwaona? Munkati maso anga amadziwa zidebe basi.”

Chimanga chisanaume mkanda unali utatha, miyala isanu ndi inayi, inayi uku, inayi uku, waukulu pakati. Ndinauveka mtondo n'kukhala patali kuuyang'ana. Unali wokongola, ndisaname. Koma ndikauyang'ana ndinkangomva mawu aja akudutsa ndi mtsuko pamutu. Ndinadzifunsa kuti munthu amene wagona pansi m'dziko la eni zaka zonsezi, akulera mwana yekha, ndimutumizire makani? Ndinalimbana nazo masiku angapo, chifukwa kugonja kwa ine kuli ngati kuzula dzino. Kenako ndinatenga chopanira, n'kumasula timbale tiwiri ta kumapeto, n'kulumikizanso unyolo. Miyala iwiriyo ndinaisunga m'kachitini ka fodya wapamphuno. Ndinati tikadzakumana ndidzaitulutsa n'kunena kuti nayi ina ija munkaikana.

Mayi wamalonda atabwera ndinafuna kuti aphunzitsi andilembere kalata, koma anakana.

“Pepala ayi, bambo. Akandigwira nalo panjira, uku kapena uku, adzati ndine kazitape. Nenani pakamwa.”

“Mukangopereka basi. Akawerenga okha.”

“Akawerenga chiyani, poti kalata palibe?”

“Akadziwa. Inu kaperekeni.”

Ndinkafuna kuti nthabwala yanga ikafike yosatsegula. Kunena pakamwa kuti ndagonja, kudzera mwa munthu wina, sindikanatha. Chokulungira ndinalibe, nsalu zinali zitasowa m'dziko lonse, anthu akuvala masaka. Ndinali ndi malaya awiri okha. Ndinasankha akale aja ndinachoka nawo kumudzi, amene mkazi wanga anawaika chigamba cha kapulana yake paphewa, kuti akangoona chigambacho adziwe kuti katunduyo wachokera kwa ine. Anali obooka ndi moto wa makala, ali ndi madontho a magazi a zala zanga. Ndinakulunga mkanda m'menemo n'kumanga ndi luzi. Ine amene ndinaimba nyimbo pamaliro a malaya, sindinaganizeko ngakhale pang'ono.

Mayi uja sanabwererenso ku Fingoe. Ndinadikira mvula ina, ndi ina, ndi inanso. Aliyense wochokera kumpoto ndinkamufunsa, koma palibe ankadziwa kanthu. Ndinkadzitonthoza kuti mkanda unafika, ndipo penapake mkazi wanga akuseka, akuuza anzake kuti mwamuna wake wamakani uja wagonja. Maganizo amenewo ndi amene anandisunga. Ndinapanganso mphete ya mfumukazi, ndi ndolo zimene mwina analibe n'komwe, zonse n'kumaunjika pamtondo.

Mtendere utabwera, msewu atauchotsa mabomba, ndinamva kuti anthu a kwathu abwerera. Ndinakwera kamiyawu yoyamba ya ku Malowera, kachitini kali m'thumba. Mudzi ndinaupeza ndi mitengo ya mango yokha, nyumba zonse zinali zatsopano, udzu wake usanade. Mayi woyamba kundiona anaponya lichero n'kuthawa akukuwa. Ena anatuluka, n'kuima patali, manja kukamwa. Kenako anabwera atsibweni a mkazi wanga, atakalamba kwambiri, n'kundigwira mkono, kuufinya, kuyang'ana mwendo wanga.

“Akamwini,” anatero, “ife tinakuikani.”

Anandikhazika pansi pa mango n'kundifotokozera. Katundu uja anabwera naye bambo wina wosamudziwa, atapatsidwa panjira ndi mayi wamalonda amene ankadwala kwambiri. Bamboyo anangouzidwa kuti akapereke kwa mkazi wa wokhoma zidebe wopuwala mwendo, ndipo china sankadziwa. Atamasula anaona malaya anga, obooka, amagazi. Analira maliro, anaika malayawo, anameta. Patapita nthawi, poti abale anga kunalibe, akuluakulu a mpingo ndi a mudzi anakhala pansi n'kumumasula mkazi wanga. Anakwatiwa ndi bambo wina wa kumsasa komweko, munthu wabwino ndithu, ndipo ali ndi ana awiri. Choncho ine ndili ndi manda ku Zambia, dziko limene sindinapondeko.

Ndinafuna kukalipa, koma ndikanakalipira yani? Malaya ndinakulunga ndekha.

Woyamba kubwera anali mwana wanga, namwali wamtali amene sindikanamuzindikira panjira. Anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo, maso ali pansi. M'khosi mwake munali mkanda uja. Mkuwa unali utada, ndipo kamphete kamodzi ka unyolo kanali kataduka, atamangapo ulusi. Ndinamupempha kuti auvule ndiukonze, chifukwa ndinkafuna kupatsa manja anga chochita.

Ndili mkati mopinda waya, mayi ake anafika. Anagwada potero, mwana wamng'ono ali kumsana. Anali atachepa thupi, koma anali yemwe uja. Tinalonjerana mwaulemu ngati anthu okumana pamaliro. Atsibweni ananyamuka n'kupita kukaona mbuzi zimene sizinkafuna kuonedwa.

“Simunandidikire,” ndinatero. Ndinkadziwa kuti si mawu oyenera, koma ndi amene anatuluka.

“Malaya aja ine ndinawakana, bambo a mwana,” anayankha. “Onse ankalira, ine ndinati ayi, malaya munthu amatha kuvulidwa, amatha kugulitsa. Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinatenga mkandawo kuti ndiuone bwino, n'kuwerenga miyala.”

Anagwedeza mwana kumsana, n'kupitiriza.

“Nditapeza isanu ndi iwiri, m'pamene ndinagwa pansi. Ndinati bambo amenewa ali ndi mphamvu zawo sangagonje. Apa anaona kuti akufa, ndiye akunditsanzika. Ukanakhala wa isanu ndi inayi, bwenzi mutandipeza ndikudikira.”

Kachitini kanali m'thumba la kabudula, kakundigunda pantchafu. Ulendo wonse ndinkayeseza mmene ndidzakatsegulire, ndi mawu amene ndidzanene, ndi mmene iye adzasekere. Sindinakatulutse. Ndinamaliza kulumikiza unyolo, ndinapempha phulusa, n'kupukuta mkuwa mpaka unayambanso kuwala. Madzi akatayika saoleka, ndipo ana awiri aja sanalakwe kanthu. Koma makani ndi matenda, sachoka tsiku limodzi. Popereka mkanda ndinafunsa kuti, “Komatu nenani zoona. Tsiku lija munawerenga bwino?”

Anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya.

“Ine sindinawerenge n'komwe. Mwana ankandivuta, mfumukaziyo ndinangoiona kumsana. Ndinkangofuna kuti muzilankhula, poti munkakhala chete ngati chitsa.”

Ndinagona kwa atsibweni masiku awiri, n'kubwerera ku Fingoe pa kamiyawu yomweyo. Mwamuna wake anandinyamulira thumba mpaka kumsewu. Mwana wanga anazolowera pang'onopang'ono kunditchula bambo. Anavala mkanda uja tsiku la ukwati wake, ndipo anthu ankafunsa ngati ndi golide.

Ndikukhomabe zidebe, ngakhale mapulasitiki atilanda msika. Nyengo ya Khirisimasi a kumpingo amabwera kudzabwereka zisoti zanga kuti avale mafumu a m'sewero, ndipo achinyamata amene amaonera mafilimu m'mafoni amandibweretsera zithunzi kuti ndiwapangire mphete ndi malupanga a anthu awo. Ndimapanga, koma ndimawauza kuti chithunzi achiimike, filimuyo sindifuna kuiona. Miyala iwiri ija ikadali m'kachitini, pawindo. Nthawi zina wina amaiona n'kufunsa nkhani yake, ndipo ndikafotokoza amafuna kudziwa kuti nanga mkanda wa mu sinema uja unali ndi miyala ingati. Ndimamuuza kuti isanu ndi inayi, ndipo amangovomera.